Mazira a Namawanga ndi Chikho cha Nkhondo

Padangokhala. Amene muli nane vomeranitu tsopano, chifukwa nkhani iyi imandikwiyitsa, ndipo ndikaiyamba sindiima.

Padali mfumu ya njati, dzina lake Chiphwanya. Mfumuyi inkakonda zinthu ziwiri kuposa akazi ake onse: chithaphwi cha matope chimene inkasambamo, ndi chitsa cha m'mbali mwake chimene inkakandirapo msana ikatuluka m'matopemo. Chaka chimenecho dzuwa lidakula, zithaphwi zonse zidauma n'kutsala chokhachi. Njiri za mudzi woyandikana nawo zinkasambanso momwemo, koma zinkadikira kuti mfumu ichoke kaye, ndipo padalibe vuto. Tsiku lina mfumu idapeza timaubweya titatu ta njiri titakanirira pachitsa chake.

"Titatu!" idabangula mfumu. "Pachitsa changa! Uzani Nyani akunge ng'oma. Mawa kusapezeke njiri m'dziko muno."

Musandiyang'ane ine. Ubweyawo sindidausiye ndine.

Tsono m'udzu wa pakati pa midzi iwiriyi, pamalo penipeni pamene njati ndi njiri zikadagundanira mitu, nkhanga ina dzina lake Namawanga idali itaikira mazira khumi ndi awiri. Mwamuna wake adali atakodwa pamsampha mwezi wathawo, ndiye ankafungatira yekha. Adatsala masiku atatu okha kuti aswe. Anapiye akaswa amathamanga, koma dzira silithawa, ndipo nkhanga ilibe manja oti n'kulinyamula. Ng'oma ikadalira mawa lakelo, ziboda zikadasinja chisa chonse.

Adayamba wathamangira kwa Njiwa, amene ankadziwika kuti amadana ndi nkhondo.

"Achemwali, mwamva?"

"Ndamva," adatero Njiwa ali pamwamba pa nthambi. "Ndipo ndakhala ndikunena kuyambira kalekale kuti nkhondo simanga mudzi. Ndi yoipa yonse, nthawi zonse."

"Zoona. Ndiye titani?"

"Tiikane mumtima."

"Achemwali, mazira anga ali pansi, sali mumtima."

"Ndilira nawe limodzi," adatero Njiwa, n'kuyamba kulira kwake kuja. Adalira mokoma ndithu, koma panthambi sadatsike.

Namawanga adatsonya n'kulunjika kubwalo la mfumu.

Kwa njati kudali mwambo wakalekale, woti ngakhale Chiphwanya sakadaulumpha. Ng'oma ya nkhondo sinkalira mpaka anzeru atatu a pabwalo atagwirizana pakamwa pamodzi ndi kumwera thobwa m'chikho chimodzi. Dzuwa likalowa chikhocho sichinkamwedwanso, ankadikira kuche. Ndipo aliyense, ngakhale wamng'ono bwanji, ankaloledwa kuimitsa chikhocho ndi funso, anzeruwo n'kuyamba ayankha. Koma kuti aliyense asamangotsekula pakamwa, wofunsayo ankasosoledwa kumutu, kuimitsa chikho kamodzi dzanja limodzi la ubweya kapena nthenga. Padali patapita zaka zambiri osapezeka wofunsa.

Anzeruwo adali a Muimba, a Fulu ndi a Bilimankhwe. Onse atatu adali atakalamba akukamba za nkhondo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene adali ndi chipsera. A Muimba ankaionera m'mwamba n'kutsika ikatha. A Fulu ankaimvera m'chigoba. A Bilimankhwe ankasanduka tsamba mpaka phokoso litapita.

Namawanga adafika Nyani woimba ng'oma atanyamula kale chikho, a Muimba atatsekula kale mlomo. Adagwada n'kuomba mapiko.

"Zikomo, eni dziko. Ndili ndi kafunso."

Bwalo lonse lidatembenuka. Mfumu idafwenthera.

"Mwambo ukuudziwa, mayi iwe?"

"Ndikuudziwa, mfumu."

Nyani adaika chikho pansi, n'kumusosola dzanja limodzi la nthenga za pachipumi. Namawanga misozi idalengeza, koma mawu adatuluka bwinobwino.

"Agogo anga, ndamva kuti mwavomereza nkhondo. Ine ndine mbuli, ndimangodziwa kupalasa pansi. Kodi chimene mwavomerezachi n'chiyani? Nkhondo n'chiyani?"

"Funso la mwana," adatero a Muimba akukonza khosi. "Nkhondo ndi chibadwa. Mwana wa njati amabadwa pomera nyanga pakumuyabwa kale. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi moyo podya chinzake. Chimene mumati mtendere ndi nkhondo yomweyo ikupuma. Komanso imasesa dziko, ofooka amachoka, olimba amatsala." Apa adaima pang'ono kuti ameze malovu.

"Bodza," adatero a Fulu. "Nkhondo ndi mlandu womwewu wa pabwalo, kungoti pakamwa patopa ndiye aukamba ndi nyanga. Si chibadwa ayi. Ndi chida cha mfumu ngati khasu. Ikafuna kanthu imalitola, ikapeza imaliika pansi."

"Nonse mwaphonya," adatero a Bilimankhwe, diso lina lili kwa mfumu, lina kwa anzawo. "Nkhondo zilipo ziwiri, yoyera ndi yakuda. Yoyera ili ndi zizindikiro zisanu ndi ziwiri. Choyamba, chifukwa chake chikhale cholungama. Chachiwiri, ailamule ndi mfumu yeniyeni. Chachitatu..."

"Ndani wakufunsani za mitundu? Wafunsa kuti n'chiyani!" adawadula a Muimba.

"Inu mumangoganiza za mimba!" adatero a Fulu.

"Inu mudaionapo liti, mutu uli m'mphika?"

Mfumu idayesa kuwaletsa, koma mwambo unkati funso liyankhidwe kaye, ndipo mayankho atatu si yankho. Pamene dzuwa linkalowa, a Bilimankhwe adali akadali pachizindikiro chachinayi, chonena kuti pankhondo yoyera osalakwa asapondedwe, ndipo palibe amene ankamva. Nyani adavundikira chikho n'kukachisunga.

Namawanga adathamangira kuchisa akuimba. Nyimbo yake idali yoitana ana a m'mazira. Ankawatchula mmodzimmodzi mayina amene adali atawasankhira kale, n'kumawauza kuti chigoba si nyumba yokhalitsa, agogode msanga. Ziwala za m'njira zinkavomera ndi mawu amodzi omwewo, owakumbutsa kuti dzuwa silidikira munthu. Atafika adapeza mazira atazizira, ndipo mtima udamuwawa, chifukwa ankadziwa kuti dzira lozizira limachedwa kuswa. Adawakhalira osadya kanthu.

Kutacha mfumu idawaitana anzeru aja maso ali psuu.

"Mutu umodzi susenza denga, ndikudziwa. Koma itatu yanuyi ikugwetsa ndi khoma lomwe. Mwagwirizana?"

"Tagwirizana, mfumu," adatero a Fulu. Adali atasoka mawu awo atatu aja ngati zigamba pathumba. "Nkhondo ndi chibadwa chimene mfumu imachitola ngati chida pamene chifukwa chili cholungama."

"Basi! Nyani, chikho!"

"Zikomo, eni dziko."

Mfumu idatseka maso. "Iwenso?"

Nyani adamusosola za pakati pa mutu. Magazi adaoneka pang'ono.

"Agogo a Muimba, dzulo mudandiphunzitsa bwino, moti ndagona ndikuganiza. Njala ndi chibadwa, eti?"

"Inde."

"Tulo?"

"Chimodzimodzi."

"Ine palibe amene amandiimbira ng'oma kuti ndimve njala. Palibe amene amandiopseza kuti ndikapanda kugona andilanga. Nanga nkhondoyi, ngati ili chibadwa, bwanji imafuna ng'oma, nyimbo, ndi asilikali oyenda khomo ndi khomo kukoka anyamata obisala m'nkhokwe?"

A Fulu adaseka mpaka chigoba chidagwedezeka.

"Mwamva? Nkhanga yakugwetsani! Ndimanena ine, ndi khasu."

"Eya, khasu," adatero Namawanga. "Pamenepo ndiye ndasokonezeka kwambiri, agogo. Mwini khasu akatopa amaliika pansi, khasulo n'kukhala chete. Nkhondo ya agogo ake a mfumu yathuyi ndi mbidzi ija, amati adaiyamba kuti ithe masiku awiri. Idatha zaka zingati?"

Njati ina yokalamba kumbuyo idayankha yokha kuti zisanu ndi chimodzi.

"Ndiye khasu lotani limene limapitiriza kulima mwini wake atagwa, mpaka kulima ndi manda omwe?" adafunsa Namawanga.

"Ayi, ayi, mwasokoneza zinthu ziwiri," adatero a Fulu akutuluka thukuta. "Pali nkhondo ya m'maganizo ndi nkhondo ya pansi. Ya m'maganizo imamvera."

"Ndiye tikamenye ya m'maganizoyo," idatero njati yokalamba ija, bwalo n'kuseka.

Zigamba zija zidasosoka zonse. A Muimba adati chida si chibadwa, a Fulu adati chibadwa si chida, a Bilimankhwe adati akadawamvera iwo dzulo sakadachita manyazi chonchi, n'kuyambiranso pachizindikiro choyamba. Mfumu inkangopalasa pansi ndi chiboda mpaka idakumba dzenje. Dzuwa lidalowa.

Namawanga adaimbanso nyimbo ija panjira, koma tsopano mothamanga, mayina akuwadula pakati. Ziwala zidavomera chimodzimodzi. Ataika khutu pamazira adamva kugogoda kwapansipansi m'mazira atatu okha. Ena onse adali chete.

Tsiku lachitatu sadadikire n'komwe kuti chikho chinyamulidwe. Adagwada, Nyani n'kubwera. Nthenga zidali zitatsala za kunkhongo zokha. Pamene Nyani adawerama kuti azizule, Namawanga adamunong'oneza.

"Achimwene, thobwa lija lagona masiku atatu. Fungo lake ndalimva ndili kuno. Akalawa agogowa n'kuchita tsinya, mfumu ifunsa kuti wosunga chikho ndani."

Nyani adayang'ana chikho, n'kuyang'ana nyanga za mfumu.

"Nditani tsono?"

"Ine ndingadziwe chiyani? Koma chimene kulibe sichisasa."

Nyani adazula nthenga zomaliza. Mutu wa Namawanga udatsala mpala, ndipo nthengazo sizidamerenso, mungakaone nokha pa nkhanga iliyonse.

"Agogo a Bilimankhwe, inu ndiye mwatsala osagwa. Mwati nkhondo yathuyi ndi yoyera?"

"Yoyera mbee. Chitsa ndi cha mfumu."

"Nanga njiri zili ndi anzeru awo?"

"Alipo mmodzi. Ndi msuweni wanga, tidaphunzira pamodzi."

"Iyeyo akuti yawoyo ndi yotani? Chifukwa ngati nayenso akuti yoyera, ndiye yakuda ikhala ya yani? Mwina mukadapita mukamufunse nokha."

Apa Namawanga ankadalira miyendo ya a Bilimankhwe. Ndi kayendedwe kawo kaja, phazi limodzi kuliganizira katatu, ulendo wa kwa njiri ndi kubwerako ukadatha sabata. Koma mfumu, ngakhale idali yopsa mtima, sidali chitsiru.

"Muimba, mubereke mnzanuyo. Mubwere malovu anga asanaume." Idalavula pansi.

Adabweradi malovu asanaume.

"Msuweni wanga akuti yawo ndi yoyeranso," adatero a Bilimankhwe akutsika pamsana. "Akuti chitsacho chidali mtengo umene agogo a njiri ankakandirapo njati zisanabwere. Zizindikiro zonse zisanu ndi ziwiri ali nazo. Tawerengera limodzi."

"Ndiye?" idafunsa mfumu.

"Ndiye n'zosavuta. Ngati zonse zili zoyera, timenyane kuti tione yoyera kwambiri."

"Chibadwa chidzaweruza," adatero a Muimba.

"Chida chigwire ntchito," adatero a Fulu.

Taonani anthu ake. Masiku awiri osagwirizana pa chimene nkhondo ili, koma pa kuimenya pokha pakamwa n'pamodzi.

"Nyani, chikho! Ndipo iwe mayi, kumutu kwako kulibenso cholipira. Ukatsekula mlomo ndi funso, ndikuponda."

Nyani adabwera ndi chikho akuyenda cham'mbali, mimba ili tuu, ndevu zili mbuu. Adachipereka kwa a Muimba. A Muimba adasuzumira, adachigwedeza, n'kuchitembenuza. Sichidadonthe kanthu.

"Chatuluka thukuta, mfumu," adatero Nyani. "Kutenthaku."

Mfumu idamuthamangitsa kuzungulira bwalo kanayi, koma thobwa silibwerera m'chikho chifukwa cha liwiro. Latsopano linkafunika kuphikidwa ndi kugona usiku umodzi.

"Mawa m'mamawa," idatero mfumu ikupuma mwawefuwefu. "Magulu onse akaime pamalo pake. Chikho chikangomwedwa, ng'oma. Wina akadzatchula mawu oti funso, ndidzayamba ndi iyeyo."

Tsiku limenelo Namawanga adaimba nyimbo ija mawu atasasa. Sankawapemphanso anawo, ankawakalipira, kuti mayi wawo wachita dazi iwo ali phee ngati alendo. Ziwala zidavomera zomwe zija, ndipo adazikalipira nazonso. Masiku atatu adali atakwana, koma chifukwa cha kuzizira kuja palibe dzira limene lidali litang'aluka. Ankafunika tsiku lina limodzi, ndipo nthenga zogulira tsikulo adalibe.

Kutacha adapeza mfumu ikunola nyanga pamwala.

"Zikomo, eni dziko. Si funso."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndabwera kudzakumverani chisoni. Njiri muzigonjetsa lero, zimenezo n'zodziwikiratu. Koma agogo atatuwa mukhala nawo mpaka kale. Mawa ayamba kukangana ngati mwapambanadi. Wina adzati chapambana ndi chibadwa, osati inu. Wina adzati khasu. Ndiye chaka chamawa mukadzafuna nkhondo ina, mudzadikiranso masiku anayi."

Mfumu idasiya kunola.

"Vuto lawo n'limodzi, mfumu. Amakangana chifukwa sadaione. Ija amati kandimverere adakanena za m'maluwa. Woona ndi maso satsutsana ndi mnzake. Ine ndili ndi malo abwino pakati penipeni, pooneka mbali zonse. Akadakamwera chikhocho pamenepo, akadaionera pafupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo madzulo akadakuuzani yankho limodzi."

Nkhope ya mfumu idawala koyamba m'masiku anayi.

"Itanani akuluakulu aja!"

Atamva, a Muimba adatsokomola. "Nzeru yabwino, mfumu. Ine ndionera m'mwamba monga mwa nthawi zonse."

"A Fulu amati m'mwamba mumangoona zotsala," adatero Namawanga maso ali pansi.

"Ndimaterodi," adatero a Fulu, asanaganize.

"Mumangeni mapiko ndi luzi," idalamula mfumu. "Fulu, mutu ukhale kunja. Bilimankhwe, ndikuone ndi maso anga, usasanduke udzu. Mukamwa, mukweze chikho m'mwamba, Nyani aone, ng'oma ilire."

Adawaperekeza mpaka pachisa n'kuwasiya pomwepo, chikho chodzaza chili pakati pawo. Namawanga adakhala pamazira ake n'kutambasula mapiko.

Kumanja kudaima njati mazanamazana. Kumanzere kudaima njiri, minyanga ili kutsogolo. Zonse zinkaponda pansi pamodzi, ndipo nthaka inkanjenjemera moti thobwa linkagavira m'chikho lokha.

"Yambani ndinu, a Muimba," adatero a Fulu. "Ndinu wamkulu."

"Ayi, ulemu ndi wanu."

"Namawanga, mwana wanga," adatero a Fulu mawu ali pansi, "chiboda cha njati chingaswe chigoba ngati changachi?"

"Sindikudziwa, agogo. Muona pompano. Si mwabwera kudzaphunzira?"

A Muimba adayesa luzi ndi mlomo, koma Nyani adali atamanga ndi mkwiyo wa dzulo.

"Ndikaganiza bwino," adatero, "chibadwa chili ndi mbali zambiri. Kupuma pamthunzi kukatentha nakonso ndi chibadwa. Mwina n'chachikulu kuposa kumenyana."

"Ndipo mlimi wanzeru," adatero a Fulu, "sagwira khasu phazi lake lili pamzere."

"Chizindikiro chachinayi!" adafuula a Bilimankhwe, amene adali atatuwa ngati phulusa popanda kufuna. "Osalakwa asapondedwe! Ndakhala ndikunena! Pano pali osalakwa!"

"Mazira anga, agogo?"

"Mazira? Eya, eya, ndi mazira omwe."

Kuyambira pamenepo Namawanga sadafunikenso kufunsa kanthu. Anzeru aja ankadzifunsa okha mafunso, ataliatali, ndipo wina akayandikira kumaliza mnzake ankamupempha kuti afotokozenso bwino. Chikho palibe adachikhudza. Njati zidaima padzuwa, njiri zidaima padzuwa, Nyani manja ali m'mwamba ndi timitengo ta ng'oma mpaka mapewa adauma.

Dzuwa litafika paliwombo, Namawanga adamva kanthu kakumukodola pamimba. Adayamba nyimbo ija motsitsa, ndipo ulendo uno ziwala zidali zitathawa, amene adavomera adali mawu ang'onoang'ono a pansi pa mapiko ake. Woyamba adatuluka ali chinyontho. Wachiwiri. Wachisanu. Ankawakankhira kumbuyo kwake kuti aume, uku akuitana otsalawo. Dzuwa litapendeka adali khumi ndi mmodzi. Dzira lomaliza lidali litabooka kabowo, kamlomo kakuoneka, kakugogoda.

"Limbika, mwana wanga. Pang'ono pokha."

Nthawi yomweyo nthaka idagunda mwamphamvu. Mfumu Chiphwanya idali italephera kupirira. Inkabwera yokha, pa liwiro, mutu uli pansi, kudzaona chimene chikuchedwetsa chikho.

Anapiye khumi ndi mmodzi aja adabalalika, ena kulunjika kumene kunkachokera zibodazo. Namawanga adadumpha n'kuwakusa ndi mapiko, kuwakankhira pambali. Sakadatha kukhala pawiri, kwa anapiye ndi padzira lija. Mfumu idafika n'kuima mwadzidzidzi, fumbi lili koboo.

"Masiku anayi!" idabangula. "Asilikali anga akukomoka ndi dzuwa! Mwakhala pakati, mwaona. Tsono ndiuzeni, agalu inu, nkhondo n'chiyani?"

Amene adayankha adali Namawanga, ndipo sadagwade.

"Kwezani phazi, mfumu. La kutsogolo, lakumanja."

Mfumu idakweza. Pansi pake padali chisa chija. Chigoba chidali chitakanirira kuchiboda, pamodzi ndi tinthenga tonyowa.

"N'chiyani chimenechi?" idafunsa mfumu. "Sindinamve kuti ndaponda kanthu."

"Ndikudziwa kuti simunamve."

Mfumu idakhala chiimire ndi miyendo itatu, osadziwa koika phazi lachinayilo. Pomwepo Nyani adafika akuthamanga, timitengo ta ng'oma tili m'khwapa.

"Mfumu! Chithaphwi chauma! Njiri zina zapita kukamwa, zapeza ming'alu yokhayokha. Ndipo chitsa chija chiswe chadya, chagwa chokha. Njiri zikubwerera kwawo, anyamata athunso ayamba kumwazikana."

Zikadathera pamenepa ndikadapirira. Koma anzeru aja, ataona kuti ziboda zikupita kutali, mawu adawabwerera.

"Tiyeni tiunike bwino nkhani ya dzirali," adatero a Fulu akutulutsa khosi lonse. "Nkhondo imayamba ndi ng'oma. Ng'oma sinalire. Choncho ichi sichinachitike pankhondo."

"Komanso mfumu sinalinge dziralo," adatero a Bilimankhwe, mtundu wawo ukubwerera. "Imalinga ife. Chopondedwa mosalinga sichidetsa woponda. Chizindikiro chachinayi chili bwinobwino."

"Linali lomaliza kuswa," adatero a Muimba. "Lofooka. Chibadwa chasankha chokha." Adapendeketsa mutu n'kuyang'ana pachisapo. "Kodi mayi, zotsalazi muli nazo ntchito?"

Namawanga adawajompha pakhosi mpaka adagwa chagada ndi luzi lawo lomwe. Palibe amene adamuletsa.

Atadzuka, anzeru atatu aja adaona kuti tsopano agwirizana, pakamwa pamodzi, popanda zigamba. Popeza padalibenso choopa, adanyamula chikho n'kumwa mmodzimmodzi, n'kulengeza kuti chaka chimenecho m'dziko la njati simudachitike nkhondo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adafa nayo. Mfumu idapukuta chiboda chake paudzu, idati mawuwo aikhazika mtima pansi, n'kubwerera kumudzi.

Namawanga adadikira onse achoke. Adapalasa kadzenje ndi zikhadabo zake, adakankhiramo zimene zidatsala, n'kukwirira. Anapiye aja adamuzungulira akulira njala.

"Amayi, mukukwirira chiyani?" adafunsa woyamba kuswa uja.

"Mng'ono wanu."

"Chamupha n'chiyani?"

Namawanga adayang'ana kumene kudalowera akuluakulu aja.

"Akuti palibe," adatero. "Tiyeni, yendani patsogolo panga."

Yathera pompa. Amene mudaika mbatata paphulusa kaphuleni nokha, ine njala yandithera.